Kampani ya za nyumba ikadali khanda: tiyang'ane mwini wake kapena tiwerenge njerwa?

Mu Ogasiti 2022 kampani ya Andreessen Horowitz, imodzi mwa zikuluzikulu zoika ndalama m'mabizinesi ongoyamba kumene ku America, idalengeza kuti yalowetsa mpamba mu Flow, kampani yatsopano ya nyumba zalendi. Nyuzipepala zidati ndalamazo zidali pafupifupi $350 miliyoni, pomwe Flow idali isadatsegule n'komwe zitseko. Chidautsa mapiri pachigwa kwenikweni ndi mwini wake, Adam Neumann, yemwe zaka zitatu zokha m'mbuyomo adakakamizidwa kutula pansi udindo ku WeWork kampaniyo ili pafupi kumira. Ena adati akuluakulu a ndalamawa asokonezeka mitu. Ena adati ayi, munthu amene adamangapo chinthu chachikulu, ngakhale chidagwa, sapezekapezeka.

Mkangano umenewu sudayambe ndi Neumann. Umabuka paliponse pamene wachinyamata wafika kwa munthu wa ndalama atanyamula pulogalamu ya pafoni kapena tsamba la pa intaneti, n'kunena kuti chida chakecho chisintha momwe anthu amapezera nyumba, amagulira malo, amamangira kapena amalipirira lendi. Kampani yake ili ndi chaka chimodzi, antchito asanu, makasitomala oti n'kuwawerenga pa zala. Akufuna mpamba, akulonjeza masheya. Woika ndalama ayeze chiyani? Gulu lina limati yang'ana munthuyo. Lina limati werenga njerwa.

A gulu loyamba amayamba ndi mfundo yovuta kuigwetsa: pa msinkhu umenewu palibe choti uwerenge. Mabuku a kampani ya miyezi khumi sanena kanthu, ndipo ziwerengero za zaka zisanu zikubwerazo, zimene mwini wake amaonetsa pa kompyuta, ndi zofuna za mtima wake chabe zongoikidwa m'mizere. Chimene ungachione ndi maso ndi munthuyo. Akakanidwa amagwa ulesi? Makasitomala akadandaula amamva? Anthu aluso amalolera kusiya ntchito zabwino kuti amutsate?

Mboni yawo yaikulu ndi Airbnb. M'chaka cha 2008 Brian Chesky ndi anzake Joe Gebbia ndi Nathan Blecharczyk ankafuna $150,000 yokha, posinthana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kampani. Chesky mwini adaulula pambuyo pake kuti mwa oika ndalama asanu ndi awiri amene adawafikira, asanu adakana ndipo awiri sadayankhe n'komwe. Kukanako kudali ndi nzeru zake, pajatu nthawi imeneyo ndani akadakhulupirira kuti anthu angalole mlendo wosamudziwa kugona m'nyumba mwawo? Anyamatawo zitawathina adayamba kugulitsa chakudya cham'mawa m'makatoni ojambulidwa Barack Obama ndi John McCain, nthawi ya chisankho, kuti apeze yobwezera ngongole. Mu 2009 Y Combinator, bungwe loika ndalama m'makampani ongoyamba kumene, idawapatsa $20,000, ndipo zimanenedwa kuti chidakopa Paul Graham, mkulu wa kumeneko, ndi kukanika kufa kwawoko kuposa lingaliro la bizinesiyo. Mu Disembala 2020 Airbnb idalowa pamsika wa masheya wa Nasdaq, mtengo wake n'kufika cha m'ma $100 biliyoni tsiku loyamba lomwelo.

Masamu a gulu limeneli ndi osiyana ndi a kubanki. Banki ikakongoza anthu khumi imafuna onse khumi abweze. Woika ndalama m'makampani akhanda amadziwiratu kuti ambiri afa, ena angobweza mpamba, ndipo kampani imodzi ndi imene idzalipire maliro a enawo. Ukavomera yolakwika, uluza ndalama imene udaikayo basi. Ukakana yoyenera, waphonya ndalama imeneyo kuchulukitsa ka 100 kapena kuposa apo. Ndiye amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima: ngati ukufuna chitsimikizo, kagule nyumba yeniyeni uzitolera lendi, usalowe mu bizinesi imeneyi.

Amawonjezera kuti nyumba ndi malo ndi chuma chachikulu kuposa china chilichonse padziko, koma chimayendabe ndi mapepala, maejenti ndi mafoni osayankhidwa, moti wochikonza ngakhale pang'ono alemera. Kungoti chimasintha mochedwa. Procore, kampani ya ku California yopanga pulogalamu yoyendetsera ntchito pamalo omanga, idayamba mu 2002 ndipo idakhala zaka zambiri ikukwawa chifukwa pamalo omanga padalibe intaneti yodalirika. Idadzuka mafoni amakono atafala, n'kukalowa pamsika wa masheya wa New York mu 2021, patatha zaka 19. Woyang'ana mabuku okha akadaitaya kalekale.

A gulu lachiwiri nkhani ya Airbnb saikana. Amangofunsa kuti, kodi Airbnb imagula nyumba? Mwini nyumba ndi wina, wogona ndi wina, iyo imangodula kangachepe pakati. Alendo akasowa, denga lodontha ndi ngongole ya kubanki zimatsalira mwini nyumba. Mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo mu 2020, Airbnb idachotsa antchito pafupifupi 1,900 mu Meyi, idakongola ndalama, n'kupulumuka, chifukwa padalibe eni nyumba mamiliyoni oilondalonda kuti ilipire lendi. Choncho, amatero iwo, kutenga Airbnb kukhala muyezo wa makampani onse a za nyumba ndi kumene kwadyetsa anthu ndalama zambiri.

Taonani WeWork. Idayamba mu 2010 ku New York, ndipo ntchito yake idali kuchita lendi nyumba zamaofesi kwa zaka zambiri, kuzikongoletsa, kuzidula m'tizipinda ndi madesiki, n'kumabwereketsa kwa anthu mwezi ndi mwezi. Munthu wotere kwathu kuno timamudziwa: amene amatenga nyumba yonse ku Chikanda ku Zomba pa mgwirizano wa zaka, n'kumagonekamo ophunzira a kuyunivesite chipinda chipinda. Sukulu ikatsekera ophunzira amapita kwawo, koma landilodi amafuna yake mwezi ukatha. Mu Januwale 2019 kampani yoika ndalama ya SoftBank idaika mtengo wa WeWork pa $47 biliyoni. Mu Ogasiti chaka chomwecho kampaniyo idatulutsa mabuku ake pofuna kulowa pamsika wa masheya, ndipo anthu adawerenga okha: mu 2018 idapeza $1.8 biliyoni n'kuluza $1.9 biliyoni, lendi imene idali italonjeza eni nyumba m'zaka zakutsogolo idali $47 biliyoni, pomwe makasitomala ake adali atailonjeza pafupifupi $4 biliyoni yokha. Mwezi wotsatira zolowa pamsika zidalephereka. Mu Novembala 2023 WeWork idapita kukhoti kukapempha chitetezo italephera kubweza ngongole.

Chowawa n'chakuti njira imeneyi ena adali atayendamo kale. Regus, yomwe Mark Dixon adayambitsa ku Brussels mu 1989, inkachita bizinesi yomweyi, ndipo nthambi yake ya ku America idapita kukhoti mofananamo mu 2003, makampani a pa intaneti atagwa n'kusiya maofesi ali pululu. Pofika 2019 IWG, kampani yomwe ndi mwini wa Regus, inkapanga phindu ndipo idali ndi malo ochuluka kwambiri kuposa WeWork, koma mtengo wake pamsika udali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa WeWork. Chidasiyanitsa awiriwa n'chakuti WeWork inkadzionetsa ngati kampani ya tekinoloje, ndipo oika ndalama adailipira mtengo wa tekinoloje.

Wina anganene kuti WeWork idalibe luso lenileni la makompyuta. Nanga Zillow? Kuyambira 2006 tsamba limeneli lakhala likuyerekeza mitengo ya nyumba mamiliyoni ku America, ndipo pa nkhani ya chidziwitso ndi ochepa angalifike. Mu 2018 eni ake adaganiza zoyamba kugula nyumba okha potengera masamu a kompyuta, kuzikonza pang'ono n'kuzigulitsanso. Mu Novembala 2021 adatseka nthambi imeneyo, adachotsa antchito pafupifupi 2,000, omwe adali gawo limodzi mwa magawo anayi a antchito onse, ndipo adavomereza kuti nyumba zimene adali nazo zidali zotsika mtengo ndi ndalama zoposa $300 miliyoni poyerekeza ndi zimene adagulira. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chosavuta kumva. Mwini nyumba amadziwa mng'alu umene uli kuseri kwa kabati ndiponso phokoso la bala yoyandikana nayo, kompyuta siidziwa. Kompyuta ikatchula mtengo wotsika, mwini nyumba amakana. Ikatchula wokwera, amavomera msangamsanga. Pamapeto pake kampani imadzaza ndi nyumba zimene idalakwitsa mtengo.

Opendoor, yomwe idayamba mu 2014 ndi bizinesi yomweyi, idapirira mpaka 2022, pamene chiwongoladzanja cha ngongole zogulira nyumba ku America chidakwera kuchoka cha m'ma 3 peresenti kufika cha m'ma 7 peresenti. Ogula adabwerera m'mbuyo, nyumba zidakhalitsa m'manja, ndipo chaka chimenecho kampaniyo idaluza pafupifupi $1.4 biliyoni. Katerra, yomwe idalonjeza kupanga zigawo za nyumba m'fakitale momwe amapangira mafoni, idadya pafupifupi $2 biliyoni ya oika ndalama kuchokera 2015 n'kugwa mu Juni 2021.

Pali phunziro lina la ku Britain lomwe owerenga njerwa amalikonda, ngakhale silikhudza njerwa mwachindunji. Purplebricks sinkagula nyumba. Idali ejenti wa pa intaneti wolipiritsa ndalama yokhazikika m'malo mwa komishoni. Mu 2017 mtengo wake pamsika udapitirira £1 biliyoni. Koma munthu sagulitsa nyumba chaka ndi chaka, ndiye kasitomala aliyense ankafunika kumusaka mwatsopano ndi malonda odula a pa wailesi yakanema. Kampaniyo idathamangira ku Australia ndi ku America, idabwerako mu 2019 itapsa zala, ndipo mu 2023 idagulitsidwa kwa kampani inzake ya Strike pa mtengo wa £1. Pomwe Rightmove, yomwe idayambitsidwa mu 2000 ndi makampani okhudzidwa ndi malonda a nyumba eni akewo, sidafune kupha maejenti. Imawalipiritsa mwezi uliwonse kuti aziika nyumba patsamba lake, ndipo pa ndalama zimene imapeza, pafupifupi 70 peresenti imatsala ngati phindu isadalipire msonkho. Apa funso ndi lakuti akulipira ndani, ndipo abweranso liti.

A gulu loyamba ali ndi yankho, ndipo si lachibwana. Amati zitsanzo zonsezi ndi za makampani amene adagwa m'mavuto atakula, ndipo chidawagwetsa ndi ndalama zochuluka zimene adathiridwa pambuyo pake. Zidalembedwa kwambiri kuti Masayoshi Son wa SoftBank adayendera likulu la WeWork kwa mphindi 12 zokha asadakonze zoikamo $4.4 biliyoni. Amati kumeneko kudali kuledzera, asakutchule kuyang'ana munthu. Amene adalowa koyambirira, monga Benchmark mu 2012, adagula masheya motchipa kwambiri, ndipo ena mwa olowa msanga adagulitsako awo mtengo uli m'mwamba. Ndiye adalakwa pati?

Yankho limeneli ine limandivuta pawiri. Phindu lobwera chifukwa wapeza wina woti umusiyire katundu asadaole limangoonetsa kuti udatuluka msanga. Silitiuza ngati kampaniyo udaiyeza bwino, ndipo amene adatsala nayo nawonso ndi anthu. Koma chachikulu n'chakuti mawu aja akuti pa chiyambi palibe choti uwerenge ndi oona pa kampani ya pulogalamu, pomwe pa kampani yonyamula nyumba ndi abodza. Mgwirizano woyamba wa lendi wa bizinesi ngati ya WeWork umakhala kale ndi nthenda yonse: zaka zambiri mbali iyi, mwezi umodzi mbali inayo. Nyumba yoyamba imene kampani yogula n'kugulitsa yadutsitsa m'manja mwake imanena kale zonse: idagulidwa zingati, kukonza kudadya zingati, idakhala masiku angati isadapeze wogula, banki idatengapo zingati, zidatsala zingati. Pulogalamu ukaipanga kamodzi, kasitomala wa nambala 1,000 sakudyera ndalama yoonjezera yeniyeni. Nyumba ya nambala 1,000 imafuna simenti, malata ndi mmisiri monga yoyamba ija. Ngati pa nyumba imodzi ukuluza, pa nyumba 1,000 ungoluza mwaulemu.

Komabe owerenga njerwa asadzitame kwambiri. Munthu wa masamu okhaokha amapeza chifukwa chokanira chilichonse, ndipo nthawi zambiri chifukwacho chimakhala choona. Amene akadakana Airbnb poopa malamulo a mizinda sakadanama, pajatu New York idakhwimitsadi malamulo a nyumba zogona masiku ochepa mu 2023. Koma akadaphonyabe kampani yaikulu. Ndiponso ziwerengero za kampani yaing'ono zimatheka kuzikometsera: tchipitsa katundu ndi ndalama za oika mpamba, makasitomala akhamukira, mzere pa kompyuta ukwera. Choulula zimenezi ndi khalidwe la mwini wake. Mabuku a WeWork a 2019 aja adaonetsanso kuti kampaniyo inkachita lendi nyumba zina zomwe Neumann mwiniwake adali nazo gawo, ndiponso kuti idapereka masheya a $5.9 miliyoni kwa kampani ina ya iye pogula ufulu wa dzina lakuti "We", omwe adabwezedwa anthu atadandaula. Izi n'zoti woyang'ana munthu akadaziona, akadakhala kuti amayang'ana kukhulupirika m'malo mwa kuthwa pakamwa.

Nkhaniyi ikafika kuno ku Africa, mbali ya njerwa imalemera kwambiri chifukwa ndalama kuno ndi yodula. Ku Lagos eni nyumba ambiri amafuna lendi ya chaka chonse pakamodzi, ndipo makampani monga Spleet ndi SmallSmall adabwera ndi njira zoti wochita lendi azilipira pamwezi. Limeneli ndi thandizo lenileni. Koma kampani iliyonse imene yalipirira munthu lendi ya chaka kuti azibweza pang'onopang'ono yasanduka yokongoza ndalama, ndipo iyenera kufunsidwa mafunso a wokongoza: ndalamayo yaitenga kuti, pa chiwongoladzanja chanji, ndi angati sabweza, nanga wosabwezayo kumutulutsa m'nyumba kumatenga miyezi ingati. Ku Malawi kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Kampani yotenga mpamba m'madola n'kumatolera lendi m'makwacha ingathe kuchita zonse bwino n'kudzukabe m'mawa itasauka.

Za kamangidwe nazo n'chimodzimodzi. Mu 2021 kampani ya 14Trees, ya Holcim ndi bungwe la CDC la ku Britain, idamanga sukulu ku Salima ndi makina osindikiza makoma, ndipo makomawo adaima m'maola 18. N'chinthu chonyaditsa ndithu. Koma woika ndalama amene kampani yatsopano yamubweretsera luso la mtundu umenewu afunsebe za maziko, denga, mazenera, mipope ndi malo omangapo, chifukwa aliyense amene adamangapo amadziwa kuti ndalama imathera pomalizitsa, makoma ataima kale.

Nanga kampani yopepuka, yongolumikiza eni nyumba ndi ofuna nyumba? Imeneyi ikupikisana ndi ejenti wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni amene amaika zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp mwaulele n'kumalipiritsa yokaonera nyumba. Ndipo landilodi ndi wofuna nyumba akangopatsana manambala, lendi imadutsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kampani osaonako ngakhale tambala. Pa malo ndiye vuto lake ndi lina. Mapuloti sasowa, chimasowa ndi chitsimikizo chakuti puloti imene wagulayo sidagulitsidwenso kwa anthu ena awiri. Abale athu a ku Joni ndi ku UK amene amatumiza ndalama zogulira malo nkhani imeneyi amaidziwa bwino. Malo ambiri m'dziko muno ali m'manja mwa mafumu, ndipo ntchito yowalembetsa m'kaundula potsatira lamulo la 2016 ikuyenda pang'onopang'ono. Kampani yonena kuti imatsimikiza umwini ifunsidwe kuti amapita ndani kwa amfumu, kukhonsolo ndi ku Unduna wa za Malo, ndipo zikalakwika abweza ndalama ndani.

Apa pokha ndikuvomera kuti a gulu loyamba apambana, ngakhale munthu amene apambana naye si uja amamukonda. Kampani yotere ilibe katundu wolemera woti uwerenge. Chuma chake chonse ndi chikhulupiriro cha anthu. Ingaime ngati mwini wake adakhalapo pamzere kuofesi za malo, amadziwa kusiyana kwa kalata ya amfumu ndi lizi, amadziwa momwe madobadoba amagwirira ntchito, ndipo sabisa zikavuta. Wodziwa kompyuta yokha, ngakhale alankhule bwino chotani, pamenepa agwa.

Chigamulo changa n'chakuti funso la njerwa libwere poyamba, ndipo lisadumphidwe chifukwa mwini kampani watisangalatsa. Ngati kampani ikugula nyumba, ikusaina lendi ya zaka, ikumanga kapena ikukongoza, iyezedwe ngati landilodi, kontilakitala kapena banki, ndipo masheya ake agulidwe pa mtengo wa mabizinesi amenewo, ngakhale pulogalamu yake ikongole bwanji. Ngati siinyamula katundu wotero, ndipo ikutha kunena amene akulipira ndi chifukwa chimene abwerere mwezi wamawa, pamenepo kubetchera munthu n'kololeka, ndi ndalama imene mungathe kuitaya osagona ndi njala. Inu amene mphwanu kapena mnzanu wa kuntchito wakubweretserani lingaliro lotere, mupempheni akuonetseni malonda amodzi enieni amene adachitika kale, kuyambira ndalama imene idalowa mpaka imene idatsala. Akayamba kukamba za kukula kwa msika wa Africa yense m'malo motulutsa pepalalo, ndalama yanu ikhale kaye m'thumba.